Ndinaimira Mkazi Mnzanga pa Ubatizo

Lamulo la apadiri, ansembe a ku mishoni, linali losavuta kumva. Mwamuna wamitala akafuna ubatizo, asunge mkazi woyamba, enawo awaperekeze kwawo. Mkazi woyamba ndinali ine, choncho ndinatsala. Anthu ankati ndapambana, koma ine ndinkadziwa bwino lomwe kuti palibe amene anafunsa amuna anga kumene mtima wawo unali.

Nthawi imeneyo Lichinga tinkaitcha Vila Cabral, katauni ka fumbi lofiira, kozizira mpaka m'mafupa. Ife tinachokera kunyanja kutsatira ntchito. Amuna anga anali kalipentala, ankakhoma zitseko ndi mazenera a nyumba zimene boma la Apwitikizi linkamanga. Tinakhala zaka zingapo tilibe mwana, ndipo abale awo atatopa ndi kunong'ona anayamba kuyankhula mokweza. Ndi mmene anabwerera mtsikana wachiyao wa ku Lione, wamfupi, wa mpata m'mano, woseka zilizonse. Sipanapite nthawi anabereka mwana wamwamuna, kenako wamkazi, ngati kuti kubereka ndi kuthyola nyemba m'munda.

Chikhristu chinalowa kwathu ndi mabenchi. Katekisita wa ku mishoni anadzapempha amuna anga kuti akhome mabenchi a m'tchalitchi, ndipo m'malo mopereka miyeso n'kumapita, ankakhala pa mulu wa matabwa n'kumalalika. Mawu amene anawagwira amuna anga anali akuti Yesu anabwera kudzapereka moyo wochuluka, woyambira pansi pompano koma wosathera kumanda. Ankawabwereza pakudya, ankawabwereza popala matabwa. Ine ndinavomera msanga, sindibisa. M'makutu mwanga munalowa zinthu ziwiri: mkazi mnzanga achoka, ndipo moyo wochulukawo mwina uyambira m'mimba mwangamu.

Tinaphunzira nthawi yaitali, ndipo litayandikira tsiku la ubatizo wathu, mkazi wamng'onoyo anayenera kunyamuka. Ine ndinali nditakonzekera. Ndinakonza nkhope yachisoni, ndinakonza ndi mawu omutonthoza akayamba kudzigwetsa pansi. Iye anadzuka m'mamawa, anasesa bwalo lonse mpaka kuseri kwa nyumba yanga, anamanga miphika yake m'nsalu yake ya kapulana, kenako anagwada pamaso panga n'kutsazika. Anati ndimukhululukire pamene anandilakwira. Munthu ukumuchotsa pabanja, iye n'kumakusesera pakhomo? Ndinkafuna anditukwane kuti ndipeze pomudera.

Ku Lione sanakhalitse. Amalume ake, omwe anali Asilamu olimba, anamupezera mwamuna wina wamalonda, iye anakana. Zinadziwika kuti masiku onse amene katekisita ankatiphunzitsa pakhonde, iye ankamvetsera kuseri kwa mpanda akusinja, ndipo mawu aja anali atamulowa. Amalumewo anamuuza kuti ngati akufuna za apadiri aiwale njira ya kwawo. Anabwerera m'tauni ana ali m'manja. Amuna anga anamumangira kakhumbi ku Namacula, m'mphepete mwa dambo, poti anawo anali awo ndipo apadiri analola kuti aziwasamala.

Ife tinabatizidwa, tinadalitsa ndi ukwati tsiku lomwelo. Ndinavala chophimba kumutu choyera chobwereka, ndinalandira mphete, ndinayamba kudya mgonero. Kunyumba tinali ndi tebulo ndi mipando yokhoma okha bambowo, tinkadyera pamwamba ngati azungu. Koma m'nyumbamo munali zii, munkangomveka supuni kugunda mbale. Kumwezi ndinkapitabe monga kale. Ndikagwada kupemphera, mawu ankatuluka bwinobwino onse m'malo mwake, koma m'kati munali mouma ngati chitsononkho. Ndinkadzifunsa kuti kodi moyo wochuluka uja unatsikira pati, poti kwa ine sunafike.

Ndiye Lamulungu lina ndikutembenuka m'tchalitchi, ndinangomuona mkazi mnzanga uja ali kumbuyo kwenikweni, pabenchi la ophunzira, mwana kumsana, wina pamwendo. Ankaimba mokweza kuposa tonse, mawu ena akuwaphonya, koma nkhope ili ngwee. Ikafika nthawi ya mgonero ine ndinkapita kutsogolo pang'onopang'ono kuti aone bwino. Pobwerera ndinkamupeza akundimwetulira, wokondwa nane zenizeni. Inu, palibe chowawa ngati kunyadira munthu amene sakukuchitira nsanje. Amayi ena ankanong'onezana kuti mayi ameneyu ndiye wapeza chenicheni. Ankanena ine ndili pompo, ngati kuti ine ndinabatizidwa ndi madzi otsukira mbale.

Ufa ndi nyemba za ana ndinkapititsa ndekha ku Namacula. Amuna anga ankati ndine wamtima wabwino, pomwe ine ndinkangotseka njira kuti phazi lawo lisapondeko. Ndinkapitanso kukafufuza usiwa wake, ndiuone ndi maso anga mtima ukhale pansi. Usiwawo unalipo ndithu. Denga linkadontha, chofunda chinali chimodzi, manja ake anali atang'ambika ndi kulima mbatatesi m'dambo lozizira lija. Koma pakhomopo pankadzaza anthu. Ana a anansi ankadyera pomwepo. Anatola ndi nkhalamba ina yolumala mwendo imene abale ake anaitaya, n'kumagona nayo m'kakhumbi komweko. Ine ndikafika ankandiyalira mphasa, n'kundiwotchera mbatatesi zazikulu, zazing'ono n'kusiyira ana.

Tsiku lina ndinalephera kupirira. Ndinamufunsa mosapita m'mbali ngati sizimuwawa, kapena ngati mtima wake ndi wamwala. Anayamba watembenuza mbatatesi paphulusa. Kenako anati zimamuwawa kwambiri, ndipo kulira amakalirira kumunda kuti ana asaone. Apo ndinapumako. Koma anapitiriza.

"Achemwali, ine chibadwire ndakhala wachiwiri. Kwathu ndinali wachiwiri, kwanu ndinali wachiwiri. Tsopano ndamva kuti kwa Mulungu kulibe mkazi wamkulu ndi wamng'ono. Ndikadzuka m'mawa n'kukumbukira zimenezo, ndimangopezeka ndikuimba."

Ukulu umenewo ndiwo unali chuma changa chonse, iye n'kuuchotsa ndi mawu okoma, osadziwa n'komwe kuti wandilasa. Ndinabwerera kunyumba ndili ndi ukali, ndinakapsera mtima nkhuku zosalakwa.

Ana anali ake. Chimwemwe chinali chake. Maso a amuna anga, ngakhale ankawaweramitsa, ndinkadziwa kumene ankafuna kuyang'ana. Ine chimene ndinatsala nacho ndekha chinali ubatizo, ndi malo anga kutsogolo pa mgonero. Ndinkadzitonthoza kuti pansi pano andipose, koma kumwamba ndili ndi khomo limene iye sanalowepo.

Kenako nthawi yake yophunzira inatha. Anabwera kwathu masana ena, anagwada panja osafuna kukhala pampando. Munthu wamkulu akamabatizidwa amafunika madrinya, mayi womuimira amene amamugwira paphewa pothiridwa madzi, ndipo amakhala mayi wake m'chikhulupiriro mpaka imfa. Ambiri ankatenga azakhali awo kapena akazi a katekisita. Iye anati abale ake anamutaya, ndipo m'tauni yonse munthu amene amamudziwa kuyambira ku zala mpaka kutsitsi, zoipa zake ndi zabwino zomwe, ndine. Anapempha kuti ndikamuimire.

Tinagawana mwamuna, tinagawana mtondo ndi nkhokwe, tsopano ndigawane nayenso kumwamba, ndipo chitseko ndimutsegulire ndekha? Ndinamuuza kuti ndiganize.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. M'mawa mwake ndinali kwa katekisita kukafunsa ngati lamulo limalola zoterezi. Ndinkayembekeza kuti pali kalamulo kena kondipulumutsa, poti malamulo kumeneko sankasowa. Iye anati palibe choletsa, ndipo anasangalala mpaka kuwomba m'manja, nati mpingo wonse uphunzirapo kanthu. Ndinamuyang'ana mwamuna wachikulire ameneyo n'kuona kuti za mitala sazidziwa ngakhale pang'ono. Kunyumba ndinayesa amuna anga. Ndinkafuna anene kuti ndikane, kapena anene kuti ndivomere, kuti ndiwagwire pa mawu awo. Anangoti zili kwa ine, n'kupitiriza kunola chipangizo chawo chopalira matabwa. Khutu lawo lokha ndilo linkandidikira.

Ndinavomera. Musandiyamikire, sikunali kukoma mtima. Ndinkaopa pakamwa pa amayi a mumpingo, inde, koma chachikulu ndinkafuna kuima pafupi. Pa ubatizo wanga ndinangomva madzi kuzizira ndi nkhawa yoti chophimba kumutu chobwereka chija chinyowa. Ndinkafuna kuona ndi maso anga chimene chimalowa mwa munthu pa nthawi imeneyo, chimene chinandilambalala ine. Ngati pali mawu ena amene apadiri anandidumphira, ndiwamve.

Nsalu yoyera amagula ndi madrinya. Ndinaigula, ndinaisoka bwino kwambiri kuti pasapezeke wonena kanthu. Tsikulo kunali nkhungu yoti munthu sungaone mtengo uli patsogolo pako, ndipo m'tchalitchi aliyense ankapuma utsi. Ndinaika dzanja langa paphewa pake. Ndinkamva fupa lake m'chikhato changa. Ndinatchera khutu. Apadiri anali omwewo, mawu omwewo, madzi ochokera m'mtsuko womwewo. Palibe chimene anawonjezera. Koma madziwo atatsikira pamphumi pake, anaseka kachiseko kapansipansi misozi ili chuchuchu, ngati munthu amene wafika kwawo atayenda ulendo wautali. Ine dzanja lili paphewa pake pomwepo, sindinamve kalikonse.

Ndinakweza maso kuyang'ana mbali ya amuna. Bambo aja ankalira. Munthu amene tchizulo inamudula chala osagwetsa msozi, amene pa ukwati wathu ankangoyang'ana mabenchi ake ngati akhomeka bwino, ankalira poyera osabisa nkhope. Kaya ankalirira mzimu wake wopulumuka, kaya ankalirira mkaziyo, sindinawafunse. Ndinaopa kuti angandiyankhe zoona.

Titatuluka panja iye anagwada pa udzu wonyowa, anagwira mapazi anga, nati, "Lero mwandibereka, amayi."

Ndinakhala zaka ndikupempha Mulungu mwana, ndipo mwana amene anandipatsa ndi ameneyu. Ndinamudzutsa, ndinamupukuta mawondo, anthu n'kumati taonani chikondi.

Amuna anga ndiwanenere zoona, sanabwererenso kwa iye ngakhale tsiku limodzi. Anasunga lonjezo lawo mpaka mapeto, ndipo sanandiyankhulepo mwano. Iyenso sanakwatiwenso. Anakalamba akuimba, akutola anthu otayika, akunditcha madrinya paliponse tikakumana. Ndikadwala ankabwera kudzandiphikira phala, ine n'kumamwa ndikuwawidwa mtima kuti likukoma. Panali masiku ena, sindikana, amene ndinkakhala naye pamphasa tikusenda nyemba n'kumva kamtendere kena kakundiyandikira, ngati kutentha kwa moto wa m'nyumba ya eni. Ndikangoti ndikagwire, ndinkakumbukira kuti ndi kake, basi n'kuthawa.

Bambowo anamwalira ndi chifuwa nyengo yozizira ina. Mvula isanagwe mkazi mnzanga uja nayenso anatsatira, anangogona osadzuka. Ana ake ndiwo akundisunga lero, adzukulu ake ndiwo amanditungira madzi ndi kunditcha agogo. Sindisowa kanthu.

Ansembe a masiku ano, ana athu omwe, amandiuza kuti kumeneko kulibe kukwatira kapena kukwatiwa, ndisamade nkhawa. Ndimagwedeza mutu kuvomera. Koma awiriwo ali kumeneko, kumene kulibe wowauza kuti uyu ndiye woyamba, ndipo ine ndidakali kuno kuwotha dzuwa pakhonde. Ndimapemphera tsiku ndi tsiku kuti ndikafike. Chimene sindinauzepo wansembe aliyense ndi chakuti sindidziwa ngati ndikufulumirira kukaona nkhope ya Mulungu, kapena kukaona amene bambo aja akhala naye pafupi.