Mayi Wodula Mibulu

Amália anasiya sukulu ali mu kalasi yachitatu ku Ntengo-Wambalame, m'dera la Tsangano, ndipo chinamuchotsa si njala kapena ukwati ayi, koma masamu ogawa. Kuphatikiza ankakutha, kuchotsera ankayesako, koma pulofesoli akangoti "divizawu", mutu wake unkauma gwa. Tsiku lina atamenyedwa m'manja kasanu, anakauza bambo ake kuti mbatata sidikira matematika kuti ikule. Bambowo, amene ankasowa kale wowathandiza kumunda, anati mwanayo walankhula zakupsa.

Anakwatiwa ku Macanga, mwamuna n'kumusiya msanga kupita kumanda. Ndipo anapeza ntchito pa kachipatala ka m'mudzi, ulendo wa tsiku lathunthu kuchokera ku Furancungo: kusesa, kutunga madzi, kuwiritsa majekeseni. Ntchitoyo ankaikonda chifukwa tsache silifunsa mafunso.

Mu 1986 nkhondo inafika kumeneko. Mankhwala atachepa, namwino wa pamalopo, a Clemente, anaganiza zotsagana ndi galimoto za asilikali kupita ku Tete. Anamusiyira Amália kiyi, sikelo yopachika, chitini cha mibulu ya malungo ndi pepala limodzi.

"Mana Amália, mlongo wanga, masabata awiri okha. Mwana aliyense muzimupachika kaye pa sikelo, kenako muone papepalali. Wina theka la mbulu, wina theka la theka."

"Ine, senyoro? Sukulu ndinaithawira zomwezi."

"Ndiye zakutsatirani," anatero a Clemente akukwera galimoto.

Sanabwererenso. Zinadzamveka patapita zaka kuti anafika bwino, koma anawatumiza kwina.

Mwezi usanathe, anyamata a kutchire, amene ankamenyana ndi boma, anatentha kachipatalako. Amália anathawira kuphiri ndi anthu a m'mudzi, chitini kumsana ngati mwana, sikelo m'khwapa. Pepala lija linapsa. M'mutu munangotsala mizere iwiri yokha: muyeso wa munthu wamkulu ndi wa mwana wa makilo khumi. Koma ana a kuphiriko sanagwirizane zolemera makilo khumi onse.

Pakati pa othawawo panali mkulu wina, a Lázaro, amene ankauza aliyense kuti moyo wawo wonse akhala akuweta mbuzi ndipo sadziwa ngakhale chilembo chimodzi. Masiku amenewo mphunzitsi ankasakidwa kuposa ng'ombe, choncho ophunzira ambiri anasanduka abusa mwadzidzidzi. Mmawa wina Amália akulimbana ndi mpeni pa mbulu, anamva mbusayo akung'ung'udza kumbuyo kwake.

"Wa makilo khumi ndi asanu sangamwe zofanana ndi wa khumi."

Amália anacheuka. "Mbuzi zanu zinkamwa mankhwala, agogo?"

"Tsitsani mawu, mayi. Bweretsani nyemba."

Kuseri kwa thanthwe, mbusa wosadziwa kuwerengayo anayala nyemba pansi n'kuyamba kumuphunzitsa kugawa, kenako kupeza nambala yosadziwika kuchokera pa zitatu zodziwika. Amália analira tsiku loyamba, natukwana lachiwiri. Pofika sabata lachitatu nyembazo sankazifunanso. Munthu wodziwa masamu onse anapitiriza kudziyesa mbuli, ndipo amene anawathawa anthu anayamba kumutchula adotolo.

Zitadziwika kuti amatha kugawa, zonse zinathera kwa iye. Mchere wozembetsedwa kuchokera ku Malawi, thumba la chimanga pa mabanja makumi awiri osafanana kukula, ngakhale masiku oti aliyense alondere njira, zonse ankati, "Kafunseni a Amália." Palibe ankathokoza. Wogawa bwino amadziwika poti onse achoka akudandaula mofanana.

Mvula itafika pakati, anawerenga mibulu yotsala n'kupeza kuti ikwanira ana ndi amayi oyembekezera okha kufikira dzinja litatha. Analengeza kuti akuluakulu azimwa zowawa za m'tchire. Sabata lomwelo malungo anagwetsa a Lázaro. Amália anawafotokozera mmene anawerengera, akuyembekeza mumtima kuti apezamo cholakwa. Mkuluyo, akunjenjemera, anatsatira zonse mpaka kumapeto.

"Palibe cholakwika, mayi. Mwakhoza. Ine sindilimo."

Aka kanali koyamba m'moyo wake kuuzidwa ndi mphunzitsi kuti wakhoza, ndipo sikanamukomere. Anaphwanya mibulu ingapo mobisa n'kuwasakanizira m'phala. A Lázaro atachira anazindikira, ndipo anamukalipira masiku atatu chifukwa chowononga samu yabwinobwino, akuti tsopano mibulu itha mvula isanaleke. Mibuluyo inatha kutatsala sabata limodzi kuti mvula ileke, monga mmene mkuluyo ananenera, koma sabata limenelo palibe mwana anadwala.

Mtendere utabwera, kachipatala kanamangidwanso, ndipo akuluakulu a zaumoyo analengeza kuti wothandiza namwino ayenera kukhoza mayeso a masamu, chifukwa ntchito za masiku ano sizifuna umbuli. Amália anapita kukalemba ku Furancungo. Funso loyamba linati: gawani mibulu khumi ndi iwiri kwa odwala anayi. Iye anadikira kuti auzidwe zina, koma papepalapo panalibenso china. Anakweza dzanja.

"Odwalawa akulemera bwanji? Pali woyembekezera?"

"Ingolembani yankho, mayi," anatero woyang'anira.

Amália analemba kuti sangapereke mankhwala kwa anthu amene sanawaone. Sanamutenge. Anabwerera kwawo ku Tsangano, ndipo aliyense womufunsa amamuuza mosatekeseka kuti tsiku limenelo chimene chinalephera ndi funsolo, osati iye.