Anadula tsinde, anatisiyira nkhuni pakhoma

Lachinayi, 10 koloko m'mawa, ife tili kumanda kuika amuna anga, anthu awiri ovala maovolosi anafika pa buloko yathu ku Estates ndi zikwanje. Anadula magalagadeya a malemuwo pa tsinde penipeni, n'kumapita.

Inu amene simunafikeko kwathu, mundimve. Buloko yathu ndi ya nyumba zinayi zosanjikizana, ndipo khoma lake limayang'ana kolowera dzuwa. Kale ikafika Okutobala m'chipinda simunkagoneka, khoma linkatentha ngati chitofu. Chaka chimene fakitale ya nsalu inachotsa anthu ntchito, amuna anga a Zulu anabzala magalagadeya pansi pa khomalo. Anakoka mawaya kuchokera pansi, khonde ndi khonde, mpaka ku denga. Banja lililonse linawalola kumangirira pa khonde lake. Chomera chinakwera, khoma lonse linabiriwira, m'nyumba munayamba kuzizira. Ana ankangotulutsa dzanja pawindo n'kuthyola chipatso. Miyezi yawo yomaliza a Zulu anagona pafupi ndi windo limenelo. Ankati ndi pokhapo pamene chifuwa chikuwalola kupuma.

Sindikulemba kuti mundimvere chisoni. Chomera chinafa, chapita. Ndikulemba chifukwa cha zimene zatsala pakhoma.

Zonse zinaumira pomwepo. Sizinagwe. Kuchokera pansi mpaka pamwamba palendewera masamba ndi mitsitsi youma, yolukana ngati chisa, ndipo yadutsa pa khonde lililonse. Pa makonde amenewo ndi pamene timaphikira. Ambiri anatidulira malaiti kalekale, ndife anthu a mbaula ndi malasha. Mphepo ikawomba mumangomva tswa tswa kunja kwa windo.

Achibale atabalalika ndinapita ku ofesi ya kampani imene inatenga mabuloko kwa kampani yakale nthawi yogulitsa nyumba. Ndinali m'zovala zakuda. Nditafunsa za chomera chija, mtsikana wa pa kauntala anati, "Pepani maliro, ba mayo. Koma imwe munagula mukati mwa fulati chabe. Khoma ya panja ni ya kampani." Anati khomalo analibwereketsa kwa anthu ogulitsa sopo kuti ajambulepo chithunzi cha malonda.

Ndinati, "Chabwino, ndi lanu. Nanga zouma zija muchotsa liti?"

Anati, "Zizagwa zeka."

Zigwa zokha? Zomangirira pa waya? Anthu a sopowo sanabwere n'komwe. Tinamva kuti anapeza khoma lina m'mbali mwa msewu wa ku Lusaka, pamene pamadutsa mabasi.

Lamulungu lapitali masana, Amake Chola a pa nyumba yachitatu ankakupiza mbaula. Kamoto kanathethekera m'masamba. Ine ndinali pansi pawo, pa khonde langa, ndinangomva phuu! Lawi linatalika ngati munthu woimirira. Mwayi wake anali ndi beseni la madzi osambitsira mwana, anakhuthula lonse, ine n'kuthamanga ndi ndowa. Khoma lada pamenepo, bwerani mudzaone. Pamwamba pawo amakhala a Hamoonga, achikulire amene anafa ziwalo mbali imodzi. Potsika amachita kuwanyamula anthu awiri. Masitepe a buloko yathu ndi amodzi okha.

Lolemba ndinabwerera ku ofesi. Ndinakana kulankhula ndi mtsikana uja, ndinati ndikufuna a manijala. Ndinakhala pa benchi kuyambira potsegula mpaka iwo atabwerako kokadya. Ndinawafotokozera zonse, osakweza mawu.

Anati, "Amai, mafulati tinagulisa. Ni yanu manje. Khoma yanu, mavuto yanu."

Ndinati, "Podula linali lanu. Pochotsa lasanduka lathu?"

Anaseka. Anati, "Nindani anauza amuna anu kulima munda pa khoma? Kuno ni mu tauni, si ku Chipata."

Ndinapempha makwerero okha, kuti amuna a pa buloko achotse okha. Anati makwerero aatali anagulitsidwa pamodzi ndi lole ya kampani yakale. Ndinafunsa kuti moto ukabuka a Hamoonga adzatsika bwanji. Anayang'ana wotchi yawo, anati, "Ngati muyopa mulilo, lekani kupikila pa khonde. Pakachitika chinthu mubwele mutiuze." Kenaka anaitana munthu wina.

Pakachitika chinthu. Chinthu chanji, bwana? Muchitchule dzina. Tidzabwere kudzakuuzani tikuchokera kuchipatala kapena kumanda? Ndipo tikaphikire kuti, m'chipinda chotseka, utsi wa malasha utiphe tili m'tulo?

Tayesa tokha. Amuna a pa buloko anakoka kuchokera pansi, sizinatheke. A Zulu ankamanga waya kuti usadzamasuke. Atate ake a Chola anasuzumira pa khonde ndi chikwanje, phazi linaterereka, akazi awo anachita kuwagwira lamba. Ndinawaletsa. Maliro amodzi akwana.

Ndikufuna kampani itiyankhe poyera. Ndani anatuma anthu aja tsiku la maliro, podziwa kuti pa buloko palibe wowafunsa? Khoma limeneli ndi la yani? Ngati ndi lanu, bweretsani makwerero sabata ino. Ngati ndi lathu, munadula chomera chija ndi chilolezo cha yani? Mvula ikadali kutali, ndipo dzuwa likuwotcha tsiku ndi tsiku.

Inu a mabuloko ena amene muli ndi nyemba kapena maluwa okwera pakhoma, khalani maso. Anthu a maovolosi aja awoneka akuyeza khoma la buloko ya kuseri kwa msika. Musawalole kukhudza tsinde asanakuwonetseni chokwerera.

Ine ndamangirira chikwakwa ku nsungwi yaitali. M'mawa uliwonse ndimagogoda khomo ndi khomo, ndimaima pa khonde la eni ake n'kukokolola pamene nsungwi yafika. Pamene siifika ndimathirapo madzi anthu asanayatse mbaula.