Mabotolo Opanda Mapepala

Zaka zimene ndinagwira ntchito yoperekera zakudya pa loji ina ku Senga Bay zinandipatsa matama, ndivomere. Shampeni ndinkamudziwa ine. Ndinkadziwa wodula amene azungu amatsegula akamafunsirana, wapakatikati wa anthu a m'maofesi ochokera ku Lilongwe, ndi wa mphesa chabe, wopanda mowa, amene amaphulika n'kuchita thovu ngati anzakewo. Ndiye mwana wanga wamkazi atapeza banja, za zakumwa panalibe wondiuza ine mayi wake.

Mkamwini wanga ndi wa banja la Chisilamu, eni mabwato a usipa. Bambo ake, asewere anga, ndi munthu wamkulu kumzikiti, wolankhula motsitsa. Zoti mwana wanga alowe Chisilamu sindinakane. Iwo anapempha chinthu chimodzi chokha atakhala pakhonde panga.

"Asewere, vinani mmene mungathere, koma mowa usafike paukwatipo. Ine chibadwire sunandikhudze pakamwa."

"Zimenezo zisiyeni m'manja mwanga," ndinatero, n'kudziguguda pachifuwa.

Koma alongo anga awiri ochokera kumudzi sanandipatse mpata wopuma. Ukwati wanji wa thobwa ndi zoziziritsa kukhosi zokhazokha? Ndinagonja. Ku boma ndinagula mabotolo asanu ndi limodzi a wopanda mowa, a patebulo la akwati, ndi awiri a weniweni wotchipirapo, oti alongo angawo akamwere kuseri kwa holo. Onse anali obiriwira, onse a khosi lagolide. Kusiyana kwake kunali papepala basi.

Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa loswa mtengo, magetsi atazima chidzulo. Akuchimuna anatibwereka bokosi lalikulu lija amanyamuliramo nsomba, lotsuka bwino, atadzazamo ayezi. Ndinaika onse asanu ndi atatu, awiri aja n'kuwabisa pansi penipeni. Ku loji botolo limakhala m'ndowa ya ayezi kanthawi kochepa. Awa anakhalamo kuyambira m'mamawa, mwambo wonse wa kumzikiti mpaka kutha, kenako n'kugwedezeka m'galimoto pamsewu wokumbika wopita ku holo.

Wolengeza atafuula kuti nthawi ya shampeni yakwana, ndinavundukula bokosilo. Mayo ine! Ayezi yense anali madzi. Mapepala onse anali atamatuka, akuyandama pamwamba, mabotolo atasakanikirana, ali mbulanda.

Ndikanatha kunena kuti shampeni wawonongeka. Ndikanatha kupita kwa asewere n'kuwanong'oneza zoona. Koma azimayi anali akululutira, wolengeza akunditchula kuti katswiri wa kuloji, holo yonse itatembenukira kwa ine. Manyazi anandigwira. Ndinanyamula botolo lililonse, kuliyesa kulemera, kuliyang'ana padzuwa, ndikudzinamiza kuti weniweni amalemerako. Awiri ndinawapatula n'kupatsa alongo anga. Enawo anapita patebulo.

Akwati anagwedeza, phuu! Anthu anakuwa. Tambula yoyamba inapita kwa asewere.

"Bisimilahi," anatero, n'kumwa.

Maso anga anali pakhosi pawo. Anameza kamodzi, n'kuima. Anayang'ana m'tambulamo, kenako anadzutsa mutu n'kundipeza kumene ndinaima, kudutsa anthu onsewo. Sanakwinye nkhope. Anangotambasula dzanja n'kutseka pakamwa pa tambula ya akazi awo, n'kuitsitsira pansi pa tebulo pamodzi ndi yawo. Botolo lija analikokera pafupi ndi mwendo wawo kuti wina asathirenso. Wojambula atafika, anamwetulira.

Ndili chiimire, mlongo wanga wamkulu anandikoka chitenje, akununkha thukuta.

"Iwe, watipusitsa eti? Onse awiri aja ndi juwisi."

Ndiye kuti a weniweni onse awiri anapita patebulo la akwati. Botolo lina lachiwirilo sindidziwa mpaka lero kuti anamwa ndani.

Masabata otsatira, galimoto iliyonse yoima pamsewu ndinkati ikubweretsa mwana wanga ndi katundu wake. Sanabwere. Ali pabanja mpaka pano, ndipo sadziwa kanthu. Asewere sanauze munthu, ngakhale ine mwini sananditchulire. Ndikanakonda akananditukwana, kusiyana ndi ulemu umenewu.

Amabwerabe kudzandiona akamapita ku boma. Amakhala pampando womwe uja, kufunsa za miyendo yanga, za chimanga, za alongo anga. Ndimawabweretsera madzi a mumtsuko nditagwada. Amalandira ndi manja awiri, n'kuthokoza, n'kuika pansi pafupi ndi phazi lawo, osamwa.

Akatsanzika, ndimakathira madziwo m'mbale yomwera nkhuku.