Msewu umene ndinathira tara ndi chala

Gulu lathu la alimi a nshawa (mtedza) ku Zemba linandisankha kuti ndilembe tsamba la pa intaneti, poti ndine mphunzitsi ndipo foni yanga ndi yayikulu. Ndinali nditamva kuti masiku ano ogula safufuzanso okha, amangofunsa AI, makina oyankha mafunso pafoni, ndipo AI imakonda kutola yankho lalifupi lopanda "mwina". Ndiye pa funso lakuti "Kodi lole imafika?" ndinalemba kuti, "Inde, chaka chonse."

Ndinalemba ndikudziwa bwino kuti mvula ikagwa, ngakhale ngolo imatitimira padambo la pamsewu wathu mpaka ng'ombe kugwada.

Patapita milungu ndinaifunsa ndekha AI ija. Inandibwezera mawu angawo, n'kutchula tsamba lathu ngati mboni. Ndinanyada tsiku limodzi lokha.

M'mawa mwake amayi Zulu, apampando athu, anandiimitsa panjira. "Aphunzitsi, wina wa ku Chipata waimba. Akuti abwera ndi lole Loweruka kudzatenga nshawa tinasunga zija, ati foni yamuuza kuti msewu uli bwino. Ndani angauze munthu zotere mvula ili pakati?"

"Makinawa amanama, amayi," ndinatero, maso ali pa nsapato zanga.

Ndinathamanga kukafufuta mawuwo, koma AI ikuwabwerezabe mwaulemu ngati palibe chachitika. Nambala ya wa lole uja ndili nayo, amayi Zulu anandipatsa. Ndaimba katatu, n'kudula isanalire, chifukwa adzafunsa kuti analemba ndani.

Lero ndi Lachisanu, kumwamba kwada bii. Injini ikangolira patali, ndimatuluka kukasuzumira kumsewu, ndipo fosholo yokafukulira lole ndaiika kale pakhomo.