Apongozi Opanda Mutu

Kuno ku Feira mukafunsa za a Bonifasio Mpande, ana a masiku ano amangokanda m'mutu. Koma nenani kuti a Dikirani, ngakhale mbuzi ikulozerani nyumba yawo. Dzina limenelo ndinawapatsa ndine, Jekapu, amene sukulu ndinaisiyira mu giredi faivi chifukwa ine ndi aphunzitsi sitinkamvana pa nkhani ya woyenera kulankhula m'kalasi.

A Bonifasio anabadwira kwa Mphuka, mwana wa msodzi, koma bwato linawakana. Ankasanza ngakhale madzi atagona. Ali mnyamata anapita ku Lusaka, nakasesa zaka zisanu ndi chimodzi mu situdiyo ya mmwenye wina. Pobwerera anali ndi njinga, kamera yakuda ndi chitini cha mabisiketi. Kuyambira pamenepo, ukwati, ubatizo, mwana wopambana mayeso, msodzi wopha vundu wamkulu ngati munthu, zonse zinali zawo, kuchokera ku Boma mpaka ku Katondwe. Filimu ikadzaza ankaipatsa Eston, dalaivala wa lole ya nsomba zouma, kuti akaitsukitse ku Lusaka. Zithunzi zinkabwera patatha mwezi, mwina iwiri, zikununkha pende.

Chilema chawo chinali kuchedwa. Munthu wavala suti yobwereka, dzuwa la Okutobala likumuwamba, waima njo ngati kapaso wa mfumu, iwo n'kukhala pa chitsa, kamera pamiyendo, n'kuyamba kumufunsa za mapira ndi za njovu zimene zinalowa m'munda mwake. Ankamuyang'anitsitsa munthu mpaka mwini wake kuyamba kudzikayikira ngati wasamba. Ukati "Nanga kopani chithunzicho, akulu," yankho linali limodzi: "Dikirani pang'ono." Ukatopa, mapewa atagwa, wayamba kuseka za njovu zija, ndi pamene unkamva kuti kheche.

Ine pamsika ndinkawayeserera. Ndinkatenga chikho chothyoka n'kuchiika pamaso, n'kumauza nkhuku kuti zidikire pang'ono. Azimayi a nsomba ankaseka mpaka kugwira nthiti.

"Ntchito yanji yogwira ndi chala chimodzi?" ndinkawafunsa. "Nyani mutamuonetsa podina, mawa lomwe akulandani makasitomala."

"Jekapu," ankatero a Bonifasio mosakwiya, "pakamwa pakopo pakanakhala ukonde, bwenzi mu Zambezi mulibe nsomba."

Tsopano ndinene za apongozi anga, a Ndaona, amayi a mkazi wanga Serafina. Kwathu kuno mkamwini sayang'ana apongozi ake akazi kumaso. Mukakumana panjira, wina amapatukira kutchire. Mawu amadzera mwa munthu wina, ngakhale muli pabwalo limodzi. Ana akabadwa awiri atatu, mkamwini wanzeru amapereka nkhuku, akulu n'kumumasula, ayambe kulankhulana ndi kudyera pamodzi. Ine ana anakwana anayi, woyamba Doris, nkhuku ndikungoti chaka chamawa. Zaka khumi ndi chimodzi ndinkawadziwa apongozi anga ndi mapazi, ndi chifuwa chawo chouma chimene chinkamveka asanatulukire.

Mu 1987, nyengo ya masau, chifuwa chija chinakula. Serafina anapita kwa Mphuka kukawaona, nabwerako nkhope itagwa.

"Atate ake Doris, amayi akuti akufuna chithunzi," anatero. "Akuti adzukulu aang'onowa adzaiwala nkhope yawo."

A Ndaona analibe chithunzi n'chimodzi chomwe. Cha pa reji, chitupa cha boma chija, chinadyedwa ndi chiswe pamodzi ndi rejiyo. Ndipo sabata yomweyo a Bonifasio anakumana ndi njovu pa msewu wa ku Katondwe, nathawira m'dzenje, njinga ndi iwo omwe, dzanja lamanja n'kuthyoka. Anagonekedwa m'chipatala cha mishoni.

Ndinapalasa njinga kukawazonda. Pakamwa panga panafika ine ndisanafike.

"Akulu, munaiuza njovu kuti idikire pang'ono, inakana?"

Odwala ena anaseka. Kenaka ndinanena chimene ndinabwerera, kuti andibwereke kamera.

"Dikira pang'ono," anatero. "Masabata atatu ndituluka, ndikawajambule ndekha."

"Chifuwa chija sichidziwa masabata atatu."

Anayang'ana kudenga, kenaka anandiuza kuti ndiitenge pansi pa bedi. Ndi dzanja lamanzere anazungulitsa tinthu tina pakamwa pa kamerayo, nati ndisakhudzenso.

"Mwatsala zithunzi zitatu zokha. Dzuwa likhale kumsana kwako. Uwerenge mapazi atatu kuchokera pamene akhala. Ukatero uyang'ane pa kawindoka mpaka uwaone bwino."

"Basi?"

"Basi. Koma Jekapu, nkhuku ija unapereka?"

"Nkhuku ikukhudzana bwanji ndi kamera?"

"Chabwino," anatero, natembenukira kukhoma.

Loweruka tinapita kwa Mphuka, ine ndi Serafina. Kamera ndinaipachika m'khosi kuyambira ku Boma kuti aliyense aione. Panjira ndinkauza anthu kuti a Dikirani apuma pantchito, tsopano kwabwera a Fulumirani.

A Ndaona anali atakonzeka kuyambira m'mawa. Anasamba, anadzola mafuta, anavala chitenje cha nkhanga chimene ankasungira Khirisimasi. Anawakhazika pa mpando pansi pa mtengo wa masau. Theka la mudzi linasonkhana. Ine ndinaika dzuwa kumsana, ndinawerenga mapazi atatu mokweza ngati woyeza malo, maso ali pansi monga mwa nthawi zonse.

Ndinamva akutsokomola, kenaka analankhula ndi mwana wawo, ine ndili pomwepo.

"Serafina, uwauze atate ake Doris kuti lero ndawamasula. Ayang'ane. Nkhuku adzabweretsa akadzaikumbuka."

Anthu anaseka. Nanenso ndinaseka, n'kukweza kamera, n'kuika diso pa kawindo kaja.

Anali momwemo, pafupi kuposa mapazi atatu aja. Maso awo anali pa ine, osaphethira. Anali ndi mphini ziwiri pa tsaya lililonse, ndi mphuno ya Doris yeniyeni. Nkhope inali itatha, koma ankamwetulira pang'ono, ngati munthu amene wakhala akumva nthabwala zako kuseri kwa mpanda zaka zonsezi. Zaka khumi ndi chimodzi za kupatukira kutchire zinandibwerera, mutu unagwa wokha, manja n'kutsatira mutu. Chala chinadina.

"Zatheka?" anafunsa Serafina.

"China cha sipeya," ndinatero.

Kachiwiri ndinakweza kamera msanga kuti ndidine manyazi asanandipeze. Kachitatu, pamene a Bonifasio pojambula amatsinzina diso limodzi, ine ndinatsinzina onse awiri.

Kenaka ndinauza anthu kuti ntchito imene a Dikirani amathera theka la tsiku ine ndaimaliza nkhuku isanameze chimanga. Anaombera m'manja. A Ndaona anatuma Serafina kuti andithokoze, natipatsa dengu la masau ouma.

Filimu inapita ndi Eston. Isanabwere, patatha masabata asanu, tinaika a Ndaona m'manda.

Maliro atatha, Serafina sankalira pamaso pa ana. Koma lole iliyonse ikalira pa msewu wa Boma ankasiya chimene akugwira n'kutuluka panja. "Mwina ndi Eston," ankatero. Anagula kale felemu ya galasi kwa wogulitsa wina wochokera ku Zumbo, kutsidya kwa mtsinje, nakhoma msomali pakhoma, pamwamba pa tebulo.

Tsiku limene zithunzi zinafika, a Bonifasio anandiitanitsa kunyumba kwawo. Dzanja linali likadali m'nsalu. Anandipatsa envulopu.

Choyamba chinali chooneka bwino kwambiri, nkhanga iliyonse pa chitenje ndi madontho ake, manja awiri atasanjikana pamiyendo, mkanda wa m'khosi. Pamwamba pa mkandawo chithunzi chinathera pomwepo. Chachiwiri chinali nthambi za masau ndi kansonga ka duku. Chachitatu chinali mapazi a apongozi anga, amene ndinkawadziwa kale, ndi tambala akudutsa.

Ndinafunafuna nthabwala m'kamwa monse, sindinaipeze.

"Akulu," ndinatero, "munene kuti filimu inapsa ku Lusaka."

"Munali ukwati wa kwa Tobiyasi m'filimu yomweyo. Zithunzi zawo atenga kale m'mawa."

"Ndiye munene kuti zitatu zomalizazo ndi zimene zinapsa."

"Ine filimu yanga sinapsepo, Jekapu. Sindiyamba ndi ya maliro."

Ndinakhala pansi pa khonde. Ndinawafunsa kuti iwo apongozi awo anachita nawo bwanji.

"Ndinawajambula nkhuku ndisanapereke. Mudzi wonse unanditcha wopanda mwambo, alamu anga sanandilankhule mpaka mvula inagwa. Chithunzicho chili pakhoma mpaka lero, ndipo alamu omwewo amabwera kudzachiona." Anakanda dzanja lodwala lija. "Podina ndinakuonetsa. Kuyang'ana munthu ndinkaganiza kuti udzakakamizika wekha."

Envulopu ija ndinakaisomeka kudenga la khola la mbuzi. Inakhala kumeneko mwezi ndi theka. Serafina akafunsa ndinkati Eston anaiwala, mawa lake n'kuti makina a ku Lusaka afa. Tsiku lina anandiuza kuti wakumana ndi mkazi wa Tobiyasi kuchigayo, ndipo za ukwati wawo zinabwera kale. Ndinati zathu amatsuka padera chifukwa n'za anthu akuluakulu. Ananyamula mtsuko n'kupita kukatunga madzi. Felemu yopanda kanthu ija ankaipukuta fumbi m'mawa uliwonse.

Chimene sindinkadziwa n'chakuti masiku onsewo a Bonifasio ankakhala pakhonde lawo ndi chitini cha mabisiketi chija. Mmenemo ankasungamo manegetivi onse kuyambira tsiku limene anabwera ku Lusaka, timapepala takuda tija timene zithunzi zimachokerako. Ankatulutsa kamodzikamodzi ndi dzanja lamanzere, n'kukaloza kudzuwa. Ankakumbukira kuti pa ukwati wa Philomena, mwana wa katekisiti, ku Katondwe mu 1981, kumbuyo kwa akwati kunadutsa mayi wina atasenza mtsuko, akuseka. A Ndaona sanajambulitsepo kwa iwo, koma a Bonifasio anali atazindikira kuti mayiyo anali iwo. Atakapeza kanegetiviko, anakatumiza ku Lusaka kuti akakulitse kona imodzi yokhayo.

Anabwera kwathu Lamlungu masana, titangochoka ku tchalitchi. Serafina anawayalira mphasa.

"Amake Doris, ndabwera ndi kanthu kanu," anatero. "Koma ayambe amuna anu kutulutsa kawo."

Ndinayang'ana a Bonifasio, iwo anayang'ana mtengo. Ndinanyamuka kupita kukhola, ana onse anayi akunditsatira ndi maso. Envulopu inali itayamba kununkha mbuzi.

Serafina anaziona chimodzichimodzi, pang'onopang'ono. Pa cha tambala Doris anayamba kuseka, nasiya yekha.

"Anakumasulani, atate ake Doris," anatero Serafina, mawu ali pansi. "Ndinanena ndi pakamwa panga."

"Munanena."

"Anasamba m'mawa kukuzizira, ndi chifuwa chija."

Akanandilalatira bwenzi zili bwino.

Apo a Bonifasio anatulutsa chawo. Pa negetivi nkhopeyo inali ngati kanjere ka mapira, ndiye poikulitsa inachita chimbuuzi, ngati munthu woonekera kutsidya kwa utsi wa pa thandala la nsomba. Koma mphini zinkaoneka, ndi mpata wa mano, ndi kuseka kuja. Serafina anachigwira ndi manja awiri.

"Ndi iwo," anatero. "Akuoneka ngati ali kutali, koma ndi iwo." Anaitana wotsiriza wathu, amene anali ndi zaka zitatu. "Bwera udzaone ambuye ako."

Ndinkayembekeza kuti zanga zija azitaya kumoto. Ziwiri anatayadi. Cha chitenje cha nkhanga anachisunga. Anatsegula felemu, naika nkhope yachimbuuzi ija pamwamba, thupi lopanda mutu lija limene ndinajambula ine pansi pake, n'kupachika pa msomali. Mutu ndi wa 1981, thupi ndi la 1987, ndipo sizilumikizana bwino pakhosi.

Zili pomwepo mpaka lero, pamwamba pa tebulo limene ndimadyerapo. Mlendo aliyense amafunsa kuti chinachitika n'chiyani. Serafina amangoti, "Funsani a Fulumirani." Kawirikawiri nthawi imeneyo ndimakumbukira kuti mbuzi sizinamwe madzi.

A Bonifasio nkhaniyi sanaifotokozepo pamsika, ngakhale tsiku limodzi, chikhalirecho anali ndi zaka khumi za chikho chothyoka zoti abwezere. Anajambulabe mpaka maso anayamba kuchita nkhungu, kamera n'kuiika m'chitini pamodzi ndi manegetivi. Pano amakhala pakhonde, ndipo anthu amabwera kuchokera kwa Mphuka ndi ku Katondwe kudzafunsa ngati m'chitinimo muli atate awo kapena mlongo wawo amene anapita. Amawafunsa kuti munthuyo ankaseka bwanji, ankayenda bwanji, n'kuwauza chaka ndi ukwati woti afunefunemo.

Nkhuku ija ndinaipereka mochedwa, kwa mng'ono wawo wa a Ndaona. Anailandira, nandiuza kuti ndiwayang'ane kumaso. Ndinayang'ana. Sizinatenge nthawi, ndipo palibe chimene chinandichitikira.