Mkulu woyeza gasi ndi chikhatho

M'chaka cha 2023, mabanja asanu ndi awiri a mumzere umodzi wa nyumba ku Chilomoni anayamba kuphikira gasi. Wowauza kuchuluka kwa gasi wotsala anali mkulu wina wosaona, yemwe kale ankawotcherera zitsulo. Amathira madzi ofunda m'mbali mwa silinda ya gasi n'kusisita ndi chikhatho; pomwe payambira kuzizira, gasi walekezera pomwepo. "Chitsulo sichinama," amatero.

Pa 14 Okutobala, mayi Ursula a mumzere womwewo ankayembekezera alendo odzafunsira mbeta mwana wawo Doreen, ndipo ankaopa manyazi a chakudya chosapsa. Ankafuna kuphika nyemba, mpunga ndi nkhuku. Mkuluyo anasisita silinda yawo kawiri.

"Amake Doreen, nyembazo kaphikeni pa makala. Watsalayu ndi wa mpunga ndi nkhuku basi."

Mayiwo anamvera, alendo anadya zakupsa. Gasiyo anatha mawa lake, madzi a tiyi asanawire.