Kukathamangira thumba la chimanga ku Blantyre

Ndinanyamuka pa Nselema Lachisanu m'mawa, m'mimba muli mango owiritsa okha. Chinali chaka chija mvula inadula chimanga chisanamasule, nyanja ya Chiuta n'kuphwa mpaka amuna anga kusiya bwato pamatope. Aphunzitsi amene ankandiphunzitsa kuthamanga ndili pasukulu ndiwo anandilembetsa mpikisano wothamanga makilomita makumi awiri ndi imodzi ku Blantyre, n'kundipatsa ya thiransipoti. Anati azimayi khumi oyamba kufika alandira ndalama.

Achemwali anga a Patuma, amene ndinawasiyira ana, sanakondwe nazo. "Iwe Asiyatu, pochokera kudambo pompa ukuchita befu. Ukakagwa pamsewu tidzakutenga ndi chiyani?"

Ndinangoti Bisimila n'kukwera matola.

Pa Ntaja tinadutsa mzere wautali wa anthu odikira chimanga, ena atagona pamatumba opanda kanthu. Akabaza anangokhala panjinga zawo, osaitanira n'komwe. Titawoloka Shire pa Liwonde ndinapeza lole yodzera pa Chingeni, yotchipa ndi theka poyerekeza ndi minibasi. Minda ya ku Balaka inali mapesi okhaokha.

Pambali panga panakhala bambo wachikulire wa kwa Kalembo, wopita kukasaka ganyu m'tauni. Anandiyang'ana mikono yanga yowondayo.

"Mukupita kuchipatala, mayi?"

"Iyayi, kokathamanga."

"Akukuthamangitsani ndani?"

Nditawafotokozera anapukusa mutu, n'kundibenthulira chinangwa chawo chouma. Chinali chowawa, ndipo ndinaopa kuti chindiledzeretsa, koma ndinadya.

Ndinagona kwa msuweni wanga ku Ndirande. M'mawa mwake, pamalo oyambira, mtima unandichoka. Anthu chotere sindinawaonepo, ngakhale pa chikondwerero cha Idi. Msewu wonse unali mitu yokhayokha, azibambo ojintcha, azungu, atsikana a nsapato zowala. Ine ndinali ndi zapulasitiki zomanga ndi lamba. Kutsogolo sindinkaonako, mpweya unkandichepera.

Mfuti italira, chigulu chonse chinandikankha. Ndinapunthwa n'kugwa chafufumimba, wina n'kundiponda zala. Ndinkangoona miyendo ikudutsa pamwamba panga, ndipo ndinati imfa yanga ndi yomweyi. Mayi wina amene sindinamuone nkhope anandikoka malaya. "Dzukani, akuphani apa."

Ndinathamanga bondo likuchucha magazi. Blantyre ndi zitunda, si chigwa ngati kwathu. Chapakati pa mtunda maso anayamba kuchita mdima, m'makutu muli ziii. Kenako ndinaona tebulo m'mbali mwa msewu, pali madzi ndi nthochi zaulere. Anzanga ankaluma kamodzi n'kutaya. Ine ndinatsomphola ziwiri n'kumeza osatafuna bwino. Mdima uja unachokako pang'ono, ndipo ndinayamba kupitirira azimayi mmodzimmodzi. Pofika kumapeto ndinagwada pansi, wina n'kundiuza kuti ndalowa m'gulu la khumi lija, kumchira kwenikweni.

Ndalamayo inakwana thumba limodzi la chimanga ku Limbe ndi ulendo wobwerera. Mantha enieni anayambira pamenepo. Masiku amenewo munthu akangokuganizira kuti waba chimanga, anthu ankakumenya asanakufunse dzina. Thumbalo ndinalifunditsa chitenje n'kulikhalira. Pa Chingeni wapolisi analigogoda ndi ndodo, n'kundiyang'ana nthawi yaitali asanatilole kupita.

Mu matola ochokera pa Liwonde munali mayi wobereka mwana wa tsitsi lofiirira. Anagwira thumba lija.

"Ndi chimanga ichi?"

Anthu onse m'galimotomo anandicheukira.

"Eya, ndi chimanga."

Palibe anandilanda, palibe anapempha. Mayiyo anangosiya dzanja lake pathumbapo njira yonse, ngati akugwira mutu wa wodwala. Potsika pa Ntaja ndinamasula kukamwa kwa thumba n'kumuthirira pang'ono pansonga ya chitenje. Anamanga mfundo, n'kupita osacheuka.

Ndinafika pa Nselema dzuwa likupendeka, miyendo itatupa ngati mitsuko. Ulendo wonse ndinkaopa anthu, a mumzinda kuti andiponda, a kwathu kuti andilanda. Koma amene anandidyetsa ndi kundidzutsa panjira anali anthu omwewo, ndipo mpaka lero sindidziwa dzina la mmodzi yemwe.